Kukaona Mikango ndi Anyalugwe

Anzanga a ku Naisi, kodi mudauonapo mkango ndi maso anu? Ambirife timangoumva m'nthano. Komatu suli kutali ayi. Mukakwera basi pa Domasi kulowera ku Liwonde, mufika pafupi ndi nkhalango yosungiramo nyama imene Boma lidakhazikitsa mu 1973. Mikango idatha m'menemo kalekale, koma idabwezedwamo mu 2018.

Mkango ndi waulesi masana. Umagona pamthunzi, ndipo ubweya wake umafanana ndi udzu wouma. Mukapita dzuwa lili paliwombo, mudzangoona njovu ndi mvuu basi. Lawirirani m'mamawa, kapena pitani chakumadzulo. Nyengo yabwino ndi chilimwe, pamene nyama zimatsikira ku mtsinje wa Shire kukamwa madzi.

Tcherani khutu. Anyani akayamba kukuwa, nswala zitaima chilili kuyang'ana mbali imodzi, dziwani kuti chilombo chili pafupi. Pansi napo yang'anani. Phazi la mkango silionetsa zikhadabo, koma la fisi limaonetsa.

Nyalugwe ndiye wovuta. Amayenda yekha, makamaka usiku. Wofuna kumuona akayese ku nkhalango ya Majete, m'boma la Chikwawa, kumene anyalugwe adabwezedwa mu 2011. Kumeneko kwezani maso m'mitengo, paja iye amakweza nyama yake m'mwamba kuopa afisi. Nthawi zina chooneka ndi mchira wokha, uli lende panthambi.

M'nkhalangomo mumayenda pa galimoto. Musatsike, ngakhale mkango uoneke ngati uli m'tulo. Mverani wokuperekezani. Ana muwagwire, asatulutse mitu pawindo.