Mawu Oyenera Polemba ndi Pounika Kaundula wa Maalamu

M'chaka cha 1919 moto unapsereza likulu la maofesi a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a boma la atsamunda anasanduka phulusa. Lero mumzinda womwewu muli National Archives of Malawi, nyumba yosunga makalata akale yomwe inakhazikitsidwa mu 1947. Nyumba zosunga chuma chotere, monganso mabanki ndi masitolo, zimafunika makina ochenjeza za moto ndi akuba, komanso makina otsekula chitseko ndi khadi kapena chala. Makinawa amalemba okha tsiku, nthawi ndi malo a chilichonse chochitika, pomwe mlonda naye amalemba m'buku lake. Pakagwa ngozi, wofufuza amayerekeza zolembedwa ziwirizi. Motero mawu a Chichewa a ntchitoyi ayenera kukhala olunjika.

Choyamba ndi dzina la chipangizocho. Anthu anazolowera kale mawu oti alamu, ndipo ndi bwino kuwasunga. Belu satikwanira pakuti iye amaitanira anthu ku sukulu kapena ku tchalitchi. Pochulukitsa tilembe maalamu, mphatikiram'mbuyo ma- ataphatikizidwa ku tsinde monga timachitira ndi masukulu ndi magalimoto.

Chachiwiri, mndandanda wa zomwe makina alemba tiutche kaundula wa maalamu. Ena amati mbiri ya maalamu, koma mbiri imatanthauzanso kutchuka kapena mphekesera. Ntchito yobwerera m'kaundula kukafufuza zakale tiitche kuunika kaundula, pakuti kuwerenga kokha sikufikapo.

Vuto lalikulu lili pa mneni woti kuzimitsa. Mlonda akalemba kuti "Ndinazimitsa alamu," akhoza kutanthauza chimodzi mwa zinthu zinayi zomwe makina amazilemba padera. Tikupereka maganizo awa:

(a) kuvomera alamu: kudina batani posonyeza kuti chenjezo laoneka;
(b) kutontholetsa alamu: kuletsa phokoso lokha, makina akugwirabe ntchito;
(c) kubwezeretsa makina: kuwaika m'malo mwake vuto litatha;
(d) kumasula alamu: kuichotsa pa ntchito, kutsutsana ndi kutchera alamu.

Kusiyanaku sikochepa. Wotontholetsa alamu n'kupita kukaona chitseko wagwira ntchito yake, koma woimasula usiku wasiya nyumba pambalambanda. Liwu limodzi lingachotsetse munthu ntchito kapena kumupulumutsa m'bwalo la milandu.

Chachinayi, tipewe kunena kuti alamu yabodza. Makina sanama, alamu imalira chifukwa chinthu china chaikhudza. Pa phiri la Zomba anyani, mphenzi za m'dzinja ndi mphepo yogwedeza chitseko zingathe kuiliza. Tikati kulira kopanda ngozi, wounika amakakamizika kufunsa chomwe chinachititsa. Alamu ya chitseko chimodzi ikamalira nthawi yofanana usiku uliwonse, mwina loko ndi wakutha, mwinanso mbala ikuyesa changu cha alonda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chomaliza ndi kalembedwe ka tsiku ndi nthawi. Makina otsata kalembedwe ka ku America amayamba ndi mwezi, kotero 03/04 ndi 4 Malichi, pomwe kwathu kuno ambiri angawerenge kuti 3 Epulo. M'lipoti la Chichewa dzina la mwezi lilembedwe m'mawu. Nthawi ilembedwe monga makina aonetsera, mwachitsanzo 02:15 kapena 14:15, pakuti "2 koloko" yokha siisiyanitsa usiku ndi masana. Wounika atsimikizenso kuti wotchi ya makina sinasokonezeke magetsi atathima.

Tikupempha alembi, akonzi ndi aphunzitsi kuti ayese mawuwa pa ntchito zawo, awafunsenso alonda eni ake ngati akumveka, ndipo atilembere maganizo awo.