N'chifukwa chiyani mtima umathamanga mvula ikangoyamba kulira pa malata?

Mukadzasankhidwa kupita ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba n'kutenga phunziro la psychology, simudzachedwa kukumana ndi agalu a Pavlov. Psychology ndi sayansi yofufuza mmene munthu amaganizira, mmene amamvera mumtima, ndi chifukwa chake amachita zimene amachita. Ena amayesa ndi luso lodziwa za mumtima mwa mnzako pongomuyang'ana. Ayi ndithu, zimenezo n'za m'mafilimu. Koma nkhani ya agaluyi ikutikhudza kwambiri kuno ku Chapananga.

Kumbukirani Januwale 2022. Namondwe Ana anabwera ndi mvula yosalekeza, mtsinje wa Mwanza unasefukira, mlatho wa Chapananga unaduka, ndipo ku Kapichira makina opangira magetsi anaima. Mu Malichi 2023 kunabweranso Freddy. Chichokereni nthawi imeneyo pali ana, ngakhalenso akuluakulu, amene mvula ikangoyamba kulira pa malata mtima umathamanga, m'manja thukuta, tulo n'kubalalika. Chonsecho mvulayo ndi yowaza chabe, ndipo eni ake akudziwa kuti singagwetse nyumba. Nanga thupi likuopa chiyani?

Ivan Pavlov anali wa ku Russia, ndipo ntchito yake yeniyeni inali yofufuza mmene chakudya chimagayikira m'mimba. Ndi imene inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1904. Poyeza malovu a agalu anaona chodabwitsa: agaluwo ankayamba kuchucha malovu nyama isanafike, akangomva mapazi a munthu amene ankawadyetsa. Ndiye anayesa dala. Ankaliza kachipangizo kogunda kuti tiki tiki, kotchedwa metronome, kenako n'kupereka chakudya. Atabwereza kangapo, kugunda kokhako kunkakwanira kutulutsa malovu, mbale ili yopanda kanthu.

Tamvetsani bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Galu saphunzira kuchucha malovu akalawa nyama, n'chibadwa chake. Phokoso la tiki tiki palokha lilibe tanthauzo kwa iye. Koma chinthu china chikamabwera patsogolo pa chinzake nthawi ndi nthawi, ubongo umazimangirira pamodzi, choyambacho n'kusanduka chenjezo la chachiwiri. Pa mayeso a ku yunivesite zimenezi amazitchula kuti classical conditioning. Ngati munaphunzira pa pulayimale yophika phala, mukukumbukira mmene m'mimba munkalirira belu likangolira, eti?

Mu 1920, John B. Watson ndi Rosalie Rayner a ku Johns Hopkins ku America anafuna kuona ngati mantha nawonso amaphunziridwa chomwecho. Anatenga mwana wa miyezi 11, amene mabuku amamutchula kuti Albert, yemwe sankaopa khoswe woyera. Mwanayo akati amugwire khosweyo, iwo ankamenya chitsulo ndi hamala kumbuyo kwake. Posakhalitsa ankalira akangoona khoswe, ndipo mantha aja anafalikira mpaka kwa kalulu ndi chovala chaubweya. Kunena zoona imeneyi inali nkhanza, ndipo Albert anachoka pachipatalapo mantha ake asanachotsedwe. Masiku ano palibe yunivesite ingalole kafukufuku wotere.

Tsopano bwererani ku usiku wa chigumula. Madzi kulowa m'nyumba mumdima, anthu akukuwa, khoma likugwa: apa palibe amafunika kuphunzitsidwa mantha. Koma chinayamba kumveka n'chiyani? Mvula pa malata. Kusiyana kwake ndi agalu aja n'kwakuti pa chinthu choopseza moyo ubongo sudikira kubwereza. Kamodzi kokha kamakwana. Mkati mwa ubongo muli tizigawo tiwiri ting'onoting'ono totchedwa amygdala, kena kumanja kena kumanzere. Tikamva chenjezo timadzutsa thupi, ndipo tizilo ta pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline, yomwe imathamangitsa mtima ndi kupuma kuti uthe kuthawa. Zonsezi zimachitika mbali ya ubongo yoganiza isanamalize kunena kuti “iyi ndi mvula wamba”. N'chifukwa chake kukalipira mng'ono wako kuti “iwe usamaope, wakulatu” sikuthandiza. Iye akudziwa kale. Thupi ndi limene silinamve. Ndipo monga zinachitikira kwa Albert, mantha amatha kufalikira ku mabingu, mitambo yakuda, ngakhale kulira kwa mtsinje patali.

Kodi zimatha? Mu 1924 Mary Cover Jones anathandiza mnyamata wa zaka pafupifupi zitatu, Peter, amene ankaopa akalulu. Peter akamadya chakudya chimene amachikonda, kalulu ankaikidwa patali, ndipo tsiku ndi tsiku ankamusendeza pang'onopang'ono mpaka mwanayo anayamba kumugwira yekha. Ubongo unaphunzira phunziro latsopano: kalulu alipo, koma choopsa palibe. N'chimodzimodzi ndi mvula. Ikagwa kambirimbiri mwana ali pabwino, pafupi ndi munthu wodekha amene akucheza naye, mantha amanka nachepa. Komatu phunziro lakale silifufutika, limangophimbidwa ndi latsopanolo. Ndiye musadabwe mantha akabwerera tsiku limene wailesi yalengeza za namondwe wina.

Apa pasakhale kusokoneza. Kuopa Mwanza utadzaza si matenda, ndi nzeru, ndipo pasapezeke wina wokayesa kuwoloka ati akuchotsa mantha. Chodetsa nkhawa ndi pamene papita mwezi woposa umodzi munthu akulotabe madzi, akudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, akukana kupita kusukulu kukachita mitambo, kapena m'kalasi mutu sukugwira. Zizindikiro zotere zitha kukhala za vuto limene madokotala amati PTSD, ndipo thandizo lake lilipo. Uzani makolo, aphunzitsi amene mumawakhulupirira kapena achipatala cha kwanuko, apo ayi imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.