Bwanji amathira simenti mu injini ya galimoto ya mpikisano?

Simenti tonse timaidziwa kuti ndi yomangira nyumba, milatho ndi zitsime. Nanga mungakhulupirire kuti pali amakaniko ena amene amakandira phala lokhala ngati simenti n'kulithira m'kati mwa injini ya galimoto, mwadala, mitu yawo ili bwinobwino? Zimachitikadi, koma pa magalimoto a mpikisano wa liwiro. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe tasuzumira m'kati mwa injinimo.

M'kati mwa injini muli chiyani?

Mbali yaikulu ndi yolemera kwambiri ya injini ndi buloko, chimtanda cha chitsulo kapena cha aluminiyamu. M'bulokomo muli mabowo ozungulira otchedwa masilinda. Honda Fit imene mumaiona m'misewu ya Chitungwiza ili ndi masilinda anayi, pamene magalimoto ena akuluakulu ali ndi 6 kapena 8.

M'silinda iliyonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika. Petulo wosakanikirana ndi mpweya amalowa, pisitoni imamupanikiza, pulagi n'kuthetheka moto. Petulo uja amayaka mwadzidzidzi n'kukankhira pisitoni pansi mwamphamvu, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imakafika ku mateyala. Njira imeneyi anaikonza bwino ndi Nikolaus Otto wa ku Germany mu 1876, ndipo magalimoto ambiri akuigwiritsabe ntchito.

Tawerengani nokha. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti ikuzungulira ka 100 pa sekondi, ndipo m'silinda iliyonse moto ukuyaka ka 50 pa sekondi imodzi yomweyo!

Nanga bwanji chitsulocho sichisungunuka?

Funso labwino limenelo. Moto wa m'silinda umatentha kupitirira madigiri 2,000, chonsecho chitsulo cha buloko chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,200, aluminiyamu ndiye pa 660 pokha. Chimene chimapulumutsa injini ndi madzi. Popanga buloko amasiya mipata kuzungulira masilinda onse. Pampu imakankha madzi m'mipata imeneyi, madziwo amatenga kutentha n'kupita nako ku radiyeta kutsogolo kwa galimoto. Kumeneko mphepo imawaziziritsa, kenaka amabwereranso. Akamazungulira choncho amakhala pa madigiri pafupifupi 90, ndipo injini imagwira ntchito mosavuta.

Koma mipata ya madziyi ili ndi vuto lake. Pakati pa moto ndi madzi pamangokhala khoma la chitsulo la mamilimita owerengeka, ndipo kuseri kwake kulibe cholichirikiza. Pa galimoto wamba khomalo limakwanira. Ampikisano ndiwo sakhutira. Amakulitsa mabowo a masilinda kuti mulowe petulo wambiri, zimene zimapyapyalitsa khoma lija. Ena amaikanso tebo yopopera mpweya wochuluka. Tsopano moto ukamayaka, khoma limasunthira kunja pang'ono kwambiri, maso sangaone. Pang'ono pomwepo mpokwanira kuwononga zinthu: silinda imasiya kukhala yozungulira bwino, maring'i a pisitoni sagwiranso khoma mbali zonse, ndipo mphamvu imathawira m'mbali. Zikanyanya, khomalo limang'aluka, madzi n'kulowa m'silinda, mpikisano n'kuthera pomwepo.

Tayesani izi kunyumba

Pindani pepala lolimba likhale ngati paipi, mulimate ndi tepi, n'kuliimika pakati pa chitini chopanda kanthu. Lowetsani zala ziwiri m'paipi ya pepalayo, mukankhire kunja. Mwaona mmene yapindikira? Tsopano thirani mchenga wonyowa kuzungulira paipiyo, muutsendere bwino mpaka pamwamba, ndipo mukankhenso. Yalimba! Pepala ndi lomwe lija, koma lapeza potsamira. Phala lothira m'buloko limagwira ntchito yomweyi: limadzaza mipata ya madzi kuti khoma la silinda lipeze potsamira.

Kodi ndi simenti yomangira nyumba?

Ayi. Ndi mbale wake chabe. Simenti wamba ikamauma imanyala pang'ono, choncho ingasiye kampata pakati pa iyo ndi chitsulo, khoma n'kukhalanso lopanda chochirikiza. Phala la m'buloko amalipanga mwapadera kuti lisanyale, komanso kuti likatenthedwa lizifufuma mofanana ndi chitsulo. Ku America kuli mitundu yodziwika monga Hard Blok ndi ya kampani ya Moroso.

Ntchito yothira imafuna kudekha. Makaniko amachotsa zonse m'buloko n'kutsuka mipata ija mpaka dzimbiri ndi mafuta zithe, chifukwa phala silimata pa litsiro. Amamanga mabawuti akuluakulu mmene adzakhalire injini ikamadzagwira ntchito, n'kuika buloko mowongoka poyeza ndi levulo. Akathira phala amagogoda m'mbali ndi hamala ya labala kuti mpweya wotsalira utuluke. Pa injini ya masilinda 8, imene mizere yake iwiri imakhala ngati chilembo cha V, amathira mbali imodzi, kudikira kuti igwire, kenaka kutembenuza n'kuthira inayo. Ena amadikira masabata angapo, paja simenti imafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Phala likaumiratu mpamene amasalaza masilinda pa makina komaliza, chifukwa pouma limatha kukankha khoma pang'ono.

Pali kuthira kwa mitundu iwiri. Ena amadzaza mbali yakumunsi yokha n'kusiya kumtunda kuti madzi azidutsabe, poti kutentha kwambiri kumakhala kumtundako. Ena amadzaza mpaka pafupi ndi pamwamba. Dziwaninso kuti phalali likauma lauma, kulichotsa n'kovuta kwambiri.

Bwanji osathira m'makombi athu kuti alimbe?

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pamene pakhala phala, madzi sadutsaponso. Buloko imalimba ndithu, koma imavutika kutaya kutentha, ndipo oyilo amatentha kuposa kale. N'chifukwa chake ambiri othira phala amaikanso karadiyeta kena koziziritsa oyilo.

Taganizirani kombi imene imanyamuka pa Chitungwiza Town Centre mbandakucha. Imadzaza anthu, kulowa mu Seke Road, kuyenda makilomita oposa 20 kukafika ku Harare, kubwerera, kupitanso, mpaka usiku. Pena imaima pa mdipiti wa magalimoto dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, injini ikulirabe. Injini yotere moyo wake ndi madzi. Mutati mudzaze buloko yake ndi phala, ingatenthe mopyola muyeso, gasiketi n'kupsa, oyilo n'kusanduka wamadzimadzi, mapeto ake mumve makaniko akuti, "Bwana, injini yanoka." Komanso kombi siifuna n'komwe phalalo, chifukwa makoma a masilinda ake ngokwanira kale pa ntchito yake.

Galimoto ya mpikisano moyo wake ndi wina. Ku Donnybrook, bwalo la mipikisano lomwe lili pa msewu wa Arcturus kum'mawa kwa Harare, kumachitika mpikisano wa magalimoto awiriawiri pa msewu wowongoka. Mtunda wodziwika wa mpikisano wotere ndi mamita 402 okha, ndipo galimoto yamphamvu imaumaliza m'masekondi owerengeka. Ikafika, dalaivala amazimitsa injini kuti izizire mpaka nthawi yothamanganso. Injini yotere siyaka nthawi yaitali yoti kutentha kuigonjetse. Chimene imaopa kwambiri ndi kung'aluka kwa khoma, ndiye apa phala limathandiza.

Ku America anapitirira pamenepo. Magalimoto otchedwa Top Fuel ali ndi buloko yosemedwa kuchokera ku chimtanda chimodzi cha aluminiyamu, yopanda mipata ya madzi ngakhale umodzi. Sagwiritsa ntchito petulo koma mafuta otchedwa nitromethane, amene amalowa ochuluka kwambiri moti amathandiza kuziziritsa injini. Kuyambira mu 2008 amathamanga mamita 305, ndipo amawamaliza m'masekondi osakwana 4, pa liwiro loposa makilomita 500 pa ola. Akangothamanga kamodzi, amakaniko amamasula injiniyo n'kuimanganso.

Choncho palibe injini yabwino pa chilichonse. Yothamanga masekondi ochepa imafuna kulimba, yogwira ntchito tsiku lonse imafuna kuzizira, ndipo injiniya wanzeru amayamba wafunsa ntchito imene galimoto idzagwire asanaikhudze.

Ngati nkhaniyi yakusangalatsani, pemphani makolo akuperekezeni ku galaja ya pafupi, mukapemphe amakaniko mwaulemu kuti akuonetseni buloko yomasula, mukaone nokha mipata ya madzi ija. Koma musadzatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha, madzi ake amatumphuka n'kuwotcha koopsa. Ndipo amene mukufuna kudzakhala madalaivala a mpikisano, malo ake ndi ku bwalo monga Donnybrook, mutavala chipewa chodzitetezera, osati m'misewu imene anzanu amawoloka popita kusukulu.