Zimene ndinkabisa za pa Mitundu, anzathu akuzigulitsa kunja

Ndili mwana pa Mitundu, amayi sankalola kuti mwana wamkazi aponde m'vidiyo sho. Ankati m'menemo ndi mwa anyamata osamva. Koma eni shoyo ankamangirira sipika panja, pamwamba pa chinsalu chotchinga pakhomo, kuti anthu odutsa akopeke. Ndiye ine akandituma tomato ndi mchere ndinkaima pafupi ndi chiwaya cha chipisi n'kumamvera. Filimu ya Commando ya Arnold Schwarzenegger, ija ya 1985, ndinaidziwa yonse ndi makutu ndisanaione ndi maso.

Ndinaidziwa m'Chichewa. Panali bambo wina amene nkhope yake sindinaionepo, yemwe ankalankhulira anthu onse a m'filimumo: msilikali uja, mwana wake wamkazi, zigawenga, onse pakamwa pamodzi. Pena ankasiya kumasulira n'kuyamba kunyogodola chigawenga chimene chatsala pang'ono kufa, kuchifunsa ngati chatsanzika kwawo. M'katimo anyamata olipira K20 ankachita kugubuduka ndi phwete.

Nditapita ku koleji mumzinda, nkhani imeneyi ndinaikwirira. Anzanga a m'kalasi ankakamba za mafilimu amene ndinali ndisanawamvepo, ndipo ukangolakwitsa kutchula dzina la wojambula, basi watchedwa wa kumudzi. Tsiku lina wina anabwera ndi filimu pa laputopu, akuti iyi ndiye ma cult film enieni, okondedwa ndi anthu ochepa odziwa zinthu. Inali Who Killed Captain Alex?, ya 2010, imene Nabwana I.G.G. anajambula ku Wakaliga mumzinda wa Kampala ndi tindalama tochepa zedi. Chimene chinakometsa filimuyo kwa anzangawo ndi VJ Emmie, munthu amene amalankhula pamwamba pa filimu yonse, kuseka ochita sewero, kukuwa zipolopolo zikayamba. Anzanga anati limeneli ndi luso la pamwamba. Ine ndinangokhala phee. Zimenezi ndinakulira nazo, pafupi ndi chiwaya, koma sindinayerekeze kunena.

Chimene chandipangitsa kulemba lero ndi msuweni wanga wa pa Nathenje. Ali ndi kashopu m'mbali mwa msewu wa M1: amameta, amatchaja mafoni, amabenera anthu nyimbo m'ma memori khadi. Makasitomala akatha madzulo, amatsegula FL Studio pa laputopu yakale n'kuyamba kupanga mabiti. Amatenga kaimbidwe ka ng'oma za manganje, gule wa anzathu a Chiyao amene masiku ano sakusowa pa ukwati ndi pa chinkhoswe, n'kusakaniza ndi kuwomba m'manja kwa chimtali cha kwathu kuno. Tsiku lina anapita kuchigayo cha dizilo n'kujambula phokoso lake pa foni, n'kuliika pansi pa biti m'malo mwa besi. Kenako amathamangitsa zonsezo mpaka miyendo kusowa poyambira.

Ulendo woyamba atandimvetsera, ndinamuseka. Ndinamuuza kuti apange amapiano ngati a Kabza De Small ndi DJ Maphorisa, ndi amene akuvinidwa ku Area 47. Iye anangoti, "Asisi, amapiano ali ndi eni ake ku Joni. Ine chigayo changachi ndani angandilande?"

Patapita nthawi ndinamva singeli, nyimbo za achinyamata a m'makomboni a Dar es Salaam, zothamanga kupitirira mabiti 200 pa mphindi, zopangidwa pa makompyuta otopa ngati ya msuweni wangayo. Mu 2017 kampani ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala inasonkhanitsa nyimbo zoterezi m'chimbale cha Sounds of Sisso, ndipo oimba ake anayamba kuitanidwa ku zikondwerero za ku Ulaya. Manyazi anandigwiranso kachiwiri. Zinatengera kuti anthu akunja ayamikire za ku Tanzania kuti ine ndimve zimene m'bale wanga ankachita pa Nathenje.

Si ine ndekha wodwala nthenda imeneyi. Anyamata a Madalitso Band anaimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri ndi babatoni wawo wa chingwe chimodzi, ife tikuwadutsa ngati opemphetsa. Chimbale chawo cha Wasalala chitatuluka mu 2019 kudzera ku Bongo Joe ya ku Geneva, iwo akukwerakwera ndege, m'pamene tinayamba kunena kuti ndi athu. Esau Mwamwaya naye, mawu ake a Chichewa pamwamba pa mabiti a pa kompyuta anamveka kaye ku London ndi gulu la The Very Best, lija la chimbale cha Warm Heart of Africa cha 2009. Timadikira mlendo atiuze kuti ndiwo zathu n'zokoma.

Pa zovala n'chimodzimodzi. Tsiku la msika pa Mitundu, belo likatsegulidwa, pamafunika diso. Amayi anandiphunzitsa kuyang'ana msoko, kununkhiza nsalu, kukoka zipi katatu usanatsutse mtengo. Jekete ya jinzi imene ndimavala kwambiri ndinaitola pamulu itang'ambika pamsana. Telala wa pakhonde anaidula, n'kusokerapo chidutswa cha chitenje chimene chinatsala pa diresi la munthu wina. Mutauni andifunsapo kangapo kuti ndinaitanitsa kuti. Ena amene amafunsawo amagula kaunjika yemweyo pa WhatsApp ndi pa Instagram, wochapidwa, wosita, wotchedwa thrift, mtengo wake utakwera kangapo. Ogulitsawo sindikuwada, ndi geni. Chimene chimandiwawa n'choti telala amene anapanga jekete ija kukhala chinthu, dzina lake silili paliponse. Chimodzimodzi mnyamata amene amajambula mitu ya mameto pa makoma a ma barbershop kuchokera pa Nathenje mpaka pa Bunda Turn-off. Dzanja lake ndimalizindikira, makutu amawajambula aakulu, koma sasaina.

Kusowa dzina kumeneku kuli ndi mtengo wake. Dzinja lapitali magetsi anabwera ndi mphamvu usiku, laputopu ya msuweni wanga n'kupsa. Mabiti a zaka zinayi anapita. Analibe kwina kumene anasungako, chifukwa kukweza mafayilo pa intaneti kumadya bandulo, ndipo bandulo ndi ndalama ya ufa. Zimene zinatsala ndi nyimbo zimene anabenera anthu. Zikulira m'tisipika ta akabaza, m'mabala, m'maukwati. Zina zalembedwa Track 07. Imodzi ndinaipeza pa foni ya mnyamata wina pa Mitundu italembedwa dzina la DJ wina amene msuweni wanga sakumudziwa n'komwe. Mnyamatayo anandiuza motsimikiza kuti nyimboyo ndi ya ku Tanzania.

Ndisaname, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mafilimu omasuliridwa aja, eni ake ku America ndi ku Hong Kong sanapemphedwe chilolezo. Msuweni wanga naye amadya kuchokera pobena nyimbo za anthu ena. Lero akulira zimene iye amachitira anzake tsiku ndi tsiku, ndipo nditamuuza zimenezi sanandiyankhe. Tili ndi lamulo la umwini wa luso la 2016, tili ndi bungwe la COSOMA limene limatolera ndalama za oimba ndi olemba. Koma ndalama zimenezo zimafika kwa munthu amene analembetsa ntchito yake. Biti yopanda dzina ilibe mwini woti alandire.

Ndiye inu amene mukuwerenga izi pa foni, ngati mumapanga mabiti, ikani dzina lanu m'kati mwa nyimboyo, limveke ndi mawu, chifukwa dzina la fayilo aliyense atha kulisintha. Sungani ntchito yanu malo awiri, ngakhale pa flashi yotchipa imene ikukhala kwa agogo. Pitani mukafunse za kulembetsa. Ngati mumangomvera ngati ine, musanatumizire mnzanu nyimbo funsani kuti anapanga ndani. Mukavala chovala chosokedwa pakhonde n'kuchiika pa Facebook, tchulani telala ndi msika wake.

Masabata apitawa ndakhala ndikupita pa Nathenje Loweruka lililonse. Ine ndi msuweni wanga timakhala pa siteji ya akabaza, kupempha ma memori khadi mmodzimmodzi, kufufuza nyimbo zake. Ena amakana, amaopa kuti tiwafufutira zithunzi. Ena amapempha ya Fanta kaye. Pofika pano tapeza nyimbo 11. Ija ya chigayo tinaipeza kwa mayi wina wogulitsa mandasi, anaiika ngati kulira kwa foni yake.

Sabata yatha ndinaiika pa sipika kunyumba kwa mnzanga wa ku koleji uja wa mafilimu. Anaimitsa nkhani, n'kufunsa ngati ndi za Nyege Nyege. Ndinamuuza kuti ndi za pa Nathenje, wapanga ndi msuweni wanga, ndipo phokoso akumvalo ndi chigayo chimene amayi ake amagayitsako chimanga. Anapempha kuti ndimutumizire. Ndinamupatsa nambala ya mwini wake kuti akagule yekha.