Galimoto Ikakana Kulira, Yambani Mwamvetsera

Nyengo yokolola ikafika, ife pano pa sukulu ya ulimi timamva dandaulo limodzimodzi: chimanga kapena nthochi zapakiridwa kale, koma galimoto yakana kulira. Kuchoka ku Luembe kukatenga makaniko ku Nyimba kumadya tsiku lathunthu ndi ndalama, pamene nthochi zikupsa padzuwa. Choncho tikulangiza kuti musanatume munthu, muyambe mwatchera khutu.

Mukapotokola kiyi n'kumva kuti ke-ke-ke, nyali n'kumazilala, vuto lili ku batire. Batire yodzaza bwino imaonetsa mavoti 12.6 pa mita. Kawirikawiri cholakwa ndi ufa woyera umene umamera pa mitu yake. Masulani mawaya, kuyambira wa chizindikiro cha (–), tsukani mituyo ndi madzi ofunda osakaniza soda, kenaka mangani zolimba.

Ngati injini ikuzungulira koma osagwira, ganizirani za mafuta. Dizilo wosungidwa m'zigubu amalowa fumbi ndi madzi, ndipo izi zimatseka fyuluta. Thanki ikauma, mpweya umalowa m'mapaipi. Masulani kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, popani ndi dzanja mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, ndipo mangani. M'mawa wozizira wa June ndi July, dikirani nyali ya mahita izime musanalize.

Musapotokole kiyi kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi, chifukwa sitata imapsa, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Zonsezi zikakanika, itanani makaniko, mum'fotokozere phokoso limene mwamva kuti abwere ndi zida zoyenera.