NKHANU ZA M'MITSINJE YA BLANTYRE

Lero tikambe za nkhanu.

Amene munafikako ku Beira munaona nkhanu za m'nyanja ya mchere zikukumba maenje mumchenga. Mazira a zimenezo amaswa tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ngati nkhanu, ndipo mafunde amatitenga kupita nato kutali. Zikatha pa gombe lina, zina zimabwera ndi madzi.

Nkhanu zathu sizitero ai. Yaikazi imafungatira mazira kunsi kwa mimba, ndipo amaswa tiana tokhala kale ndi mphanda zake. Mai amatinyamula masiku angapo, kenaka timatsikira pomwepo. Motero nkhanu imakulira mumtsinje momwe inabadwira. Mtundu wina akatswiri anautcha choloensis m'chaka cha 1953, chifukwa unapezeka ku Cholo, kumene lero timati Thyolo.

Nkhanu imakhala pansi pa miyala, kapena imakumba una m'gombe kufikira ipeze chinyontho, pakuti imapuma ngati nsomba, ndipo ziwalo zake zopumira zikauma imafa. Usiku imatuluka kukadya masamba ovunda ndi zakufa zimene zikadaonongera anthu madzi. Iyonso ndi chakudya cha katumbu ndi mbalame. Inde, mlimi wa dimba amaida ikaboola khoma la damu kapena ngalande, ndipo sitimtsutsa. Koma ntchito yake ndi kutsira dothi ndi kutsendera, osati kuthira mankhwala m'madzi.

Tsono taonani Mudi, Naperi ndi Nasolo. Mitengo ya m'phiri la Ndirande inadulidwa, madzi oipa a m'mafakitale ndi zinyalala za m'misika zikutsikira m'mitsinjemo, ndipo anthu alima mpaka m'mphepete mwenimweni. Gombe lopanda bango ndi nsungwi limagumuka ndi mvula yoyamba, matope ndi kukwirira mauna ndi miyala. Tinaona m'mwezi wa March 2023 mmene madzi a m'phiri la Soche anachitira ku Chilobwe. Nkhanu zikatha m'mtsinje wotere palibe funde lobweretsa zina. Zingabwerere pokhapokha ngati zatsalako kumtunda, ku kasupe.

Chifukwa chake inu mafumu a ku Chigumula, Bangwe ndi Chirimba, musagawe minda pa akasupe. Chilimwe chino tumani anyamata akatembenuze miyala m'khwawa lanu, adzakuuzeni ngati apezamo nkhanu, ndi pamene zathera.