Wakutsina Khutu: Mmene Akatswiri Amapimira Kafukufuku wa Sukulu Zophunzira

Kuti ana amapita kusukulu kukaphunzira, palibe angatsutse. Koma kuti sukulu nayonso, ndiye kuti aphunzitsi, mphunzitsi wamkulu, akomiti ndi onse otumikira pamenepo, ingathe kuphunzira kapena kukanika kuphunzira monga thupi limodzi, ndi ganizo limene lidachedwa kukhazikika ngakhale m'mitu ya akatswiri a maphunziro. Pakutitu ilipo sukulu imene chaka ndi chaka ana ake amakhumudwa pa samu imodzimodziyo, aphunzitsi nadziwa yense payekha, koma osakhalirana pansi kufunsana gwero lake; ndipo tsiku limene mphunzitsi waluso asamutsidwa, luso lake limamuka naye, sukulu nitsala monga idaliri iye asanadze.

Ganizoli silidabadwire m'kalasi ayi. M'chaka cha 1978, Chris Argyris ndi Donald Schön a ku America adasiyanitsa bungwe limene likalakwa limangokonza cholakwacho ndi bungwe limene limabwerera kukafunsa ngati lamulo lomwe lidabala cholakwacho lili lolungama. Peter Senge wa ku yunivesite ya MIT ndiye adabukitsa nkhaniyi mu 1990 ndi buku lake lotchedwa The Fifth Discipline, limene adalembera eni makampani, ndipo padapita zaka khumi asanatulutse pamodzi ndi anzake buku lina lolunjika kusukulu. Mu 2016, Marco Kools ndi Louise Stoll, polembera bungwe la OECD la ku Paris, adasonkhanitsa zimene ambiri adanena nazimanga kukhala zizindikiro zisanu ndi ziwiri za sukulu yophunzira, zina mwa izo ndi izi: kuti onse akhale ndi cholinga chimodzi cha maphunziro a mwana aliyense, kuti aphunzitsi aziphunzira pamodzi osaleka, kuti pakhale ufulu wofunsa ndi kuyesa njira zatsopano, ndiponso kuti atsogoleri ayambe ndi iwo kuonetsa kuti akali ophunzira.

Dziko limene lidalandira chiphunzitsochi ndi manja awiri ndi Wales, limene lidachita manyazi ndi zotsatira za ana ake pa mayeso a maiko ambiri otchedwa PISA a 2009 nilitsimikiza mtima kukonzanso maphunziro ake. Kumeneko anthu 1,703 ogwira ntchito m'sukulu adayankha chikalata cha mafunso, ndipo lipoti la OECD la 2018 lidaona kuti mwa sukulu zimene zidayankha, 58 pa 100 iliyonse zinkaoneka kuti zili ndi zizindikiro zisanu kapena kuposerapo, pamene zotsalazo zidali kutali ndithu, ndi kuti sukulu za sekondale zinkavutika koposa za pulayimale. Pamene Kools ndi anzake adasindikiza mawerengedwe awo mu European Journal of Education mu 2020, mayankho adawakakamiza kuvomera kuti zizindikirozo zidagawika kukhala zisanu ndi zitatu, popeza kukhala ndi cholinga chimodzi ndi kulola makolo ndi ena akunja kuthandiza kuumba cholingacho zidapezeka kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tsono nkhani yotere isanaloledwe kulowa m'magazini ya akatswiri, imayamba yaima pabwalo. Mlembi amatumiza zolemba zake kwa mkonzi, ndipo mkonziyo, akaona kuti siziyenera kubwezedwa pomwepo, amazipereka kwa ounika, ndiwo akatswiri awiri kapena atatu a ntchito yomweyo, amene m'magazini ambiri a zamaphunziro sauzidwa dzina la mlembi, nayenso mlembi sauzidwa maina awo. Iwowa, amene kawirikawiri salandira ngakhale tambala pa thukuta lawo, amalemba zifukwa zawo nalangiza kuti nkhaniyo ilandiridwe, ikonzedwe pang'ono, ikonzedwe kwambiri, kapena ikanidwe. Ndipo miyezi imatha kalata zikupita ndi kubwera. Ambiri amati mwambowu udayamba ndi Henry Oldenburg, amene adayambitsa magazini ya Philosophical Transactions ku London mu 1665, koma zoona zake n'zakuti malipoti olembedwa a ounika adayamba kuzolowereka kumeneko m'zaka za m'ma 1830, ndipo magazini yomveka ya Nature idadikira mpaka 1973 kuti ilamule kuti nkhani iliyonse ya kafukufuku iziunikidwa ndi anthu akunja.

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pa kafukufuku wa sukulu zophunzira wounika wokhulupirika ali ndi malo ambiri otsina. Funso lake loyamba ndi lakuti, kodi adayankha ndani? Pakuti kafukufuku wambiri wa mtundu uwu amatsamira pa zimene anthu anena za iwo eni, ndipo mphunzitsi wamkulu akafunsidwa ngati pasukulu pake pali ufulu wolankhula, adzayankha ndi mtima woona kuti ulipo, pamene mphunzitsi wamng'ono amene adadzudzulidwa pamaso pa anzake sabata yathayi akadayankha zina. Ku Wales komweko atsogoleri a sukulu adaona zinthu mokoma kuposa aphunzitsi awo. Funso lachiwiri limatsata pomwepo: nanga sukulu zimene sizidayankhe konse? Sukulu imene ili m'chipwirikiti ndiyo imasowa nthawi yodzaza zikalata, kotero kuti kukhala chete kwake kungathe kukometsa chithunzi cha dziko lonse.

Koma funso lolemera koposa, limene ine ndiyesa kuti wounika sayenera kulola nkhani kudutsa lisanayankhidwe, ndi la chimene chidabala chinzake. Wofufuza akapeza kuti m'sukulu zimene aphunzitsi amati amaphunzira pamodzi ndimonso aphunzitsi ali okondwa ndi ntchito yawo, mtima umamukokera kulengeza kuti kuphunzira pamodzi kumabala chimwemwe. Komatu n'kuthekanso kuti munthu wokondwa kale ndiye amayankha mafunso onse mokoma, kapena kuti sukulu ya m'dera la anthu opeza bwino ili nazo zonse ziwirizo pa chifukwa china chosatchulidwa. Mafunso ofunsidwa kamodzi kokha, kwa munthu mmodzimodziyo, tsiku limodzimodzilo, sangamasule mfundo imeneyi. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali mwana, amene dzina lake limatchulidwa m'chizindikiro choyamba koma mawu ake samveka m'zikalata zambiri. Zotsatira za PISA za 2022 zidaika Wales pansi pa England, Scotland ndi Northern Ireland. Izi sizitsutsa chiphunzitsochi, popeza mliri wa Covid-19 udatseka sukulu ndipo maiko ambiri adatsika, koma zikutikumbutsa kuti sukulu kudzitcha yophunzira ndi ana kudziwa kuwerenga ndi mboni ziwiri zoyenera kufunsidwa padera.

Wounika wa kuno kwathu angawonjeze lake funso, pakuti Kools ndi Stoll adanenetsa kuti popanda nthawi ndi kukhulupirirana sukulu yophunzira singatheke: mphunzitsi wa ku Malawi amene, chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, amatha kuimirira pamaso pa ana oposa 100, nthawi yokhala pansi ndi anzake aitenga kuti? Chopezeka ku Wales chiyenera kupimidwanso chisanalamulidwe ku Nsanje.

Tisayese kuti bwalo la ounikali sililakwa. Mu 1982, Douglas Peters ndi Stephen Ceci adatenga nkhani 12 zosindikizidwa kale m'magazini omveka a maphunziro a maganizo a munthu, nasintha maina a alembi ndi a mayunivesite awo kukhala osadziwika, nazitumizanso ku magazini omwewo. Zitatu zokha ndizo zidazindikiridwa, ndipo mwa zisanu ndi zinayi zotsalazo, zisanu ndi zitatu zidakanidwa. Magazini ya zachipatala ya BMJ itaika dala zolakwa zazikulu zisanu ndi zinayi m'nkhani zoyesera, wounika aliyense ankapeza pafupifupi zitatu zokha. Pa nkhani ya sukulu zophunzira pali vuto linanso, lakuti odziwa za izo ndi ochepa ndipo ambiri a iwo adalikonda kale ganizolo, kotero kuti woweruza ndi woweruzidwa nthawi zina amakhala a mpingo umodzi. Pofuna kuchiza nthendayi, magazini ena monga F1000Research amasindikiza malipoti a ounika pamodzi ndi maina awo kuti aliyense adziwerengere. Njira imeneyi ndiiyamikira, ngakhale ndidziwa kuti wofufuza wachinyamata adzameza malovu kawiri asanatsutse poyera pulofesa amene mawa angamufunse mafunso a ntchito.

Pomaliza pake wounika amaona pepala lokha. Sapita kusukuluko, sakhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo kawirikawiri sawerengeranso manambala. Chotsimikiza chenicheni chikadakhala chakuti ofufuza ena, osakhudzana ndi oyambawo, abwereze ntchito yomweyo m'sukulu zina ndi kuona ngati adzapeza zofanana. Matthew Makel ndi Jonathan Plucker atasanthula mu 2014 nkhani zonse zosindikizidwa m'magazini 100 otsogola a zamaphunziro, adapeza kuti zobwereza kafukufuku wochitika kale zidali 13 zokha pa 10,000 zilizonse.